Buku lotsogolera ulendo wa pagalimoto kuchokera mu Blantyre, lilipo loyenera ife?

NaBanda_Chilomoni

Moni nonse. Achimwene anga akubwera kuchokera ku Johannesburg mu Disembala muno pamodzi ndi alamu ndi ana awo awiri. Anawo anabadwira komweko, ndipo Malawi amene amamudziwa ndi wa pamaliro basi: kutsika ndege ku Chileka, kukwera galimoto, kukagona kumudzi, kubwerera. Ulendo uno kulibe zovuta, tithokoze Mulungu, ndiye achimwenewo andisenzetsa udindo wokonza zoti anawo aone dziko la bambo awo. Akuti tisangothamangira kunyanja, kunyanja aliyense amapitako. Akufuna misewu yokongola, yoti munthu uziima, kutsika, kuona, kujambula.

Ine mu Blantyre ndakhalamo kuyambira ndili mtsikana, koma kuyenda kwanga ndi kwa paminibasi, kopita kuukwati ndi kuchinkhoswe. Paminibasi suona kanthu, katundu ali pamiyendo, zenera latsekedwa ndi thumba la mnzako. Galimoto tagula posachedwapa, ka Sienta, ndipo ntchito yake mpaka pano ndi Chilomoni, tauni, Limbe, tchalitchi.

Ndinagula buku lachingerezi kwa anyamata oyala mabuku akale m'mbali mwa msewu mtauni muja. Chikuto chinathothoka kalekale, koma nzoonekeratu kuti ndi lamakedzana. Likuti ku Majete osavutika kupitako chifukwa nyama zinatha ndi opha mozemba, pomwe mnzanga wa kuntchito anakaonako mikango ndi maso ake. Likutinso paphiri la Zomba msewu wokwerera ndi wina, wotsikira ndi wina. Mitengo yonse ndi ya madola. Chondinyansa kwambiri nchakuti wolembayo akuyankhula ndi munthu wa Land Cruiser, apo ayi mnyamata wa chikwama kumsana wofuna pogona potchipa. Ine wa Sienta, wokhala ndi ana awiri kumbuyo ndi alamu osachedwa kumva chizungulire pamakhota, sakundiwerengera.

Ndiye ndifunse. Lilipo buku labwino lonena za misewu yoyendamo mokaona malo kuno kummwera, ndipo lingapezeke kuti? Nanga inu amene munayendapo, ndi misewu iti imene galimoto yaing'ono ingathe nyengo ya mvula? Tili ndi masiku atatu kapena anayi, ndipo ndikufuna tizibwera kudzagona kunyumba. Anthu 6 kugona kuloji mu Disembala, thumba langa silingakwanitse.

Dalaivala_Wopuma

Mayi, mabuku amenewo analembera alendo akunja, nchifukwa chake mukuona ngati sakukuonani. Ine ndagwira chiwongolero zaka zambiri kubungwe lina, kuyendetsa eni ake a mabukuwo. Amawerenga usiku wonse, kukacha nkudzafunsa ine ngati mlatho wakutiwakuti ulipo. Ndiye ndikuuzeni za msewu, za mabuku ena anena.

Yambani ndi Thyolo ndi Mulanje. Kuchokera mu Limbe njira zilipo ziwiri. Ya Midima ndi yachidule, ndi ya munthu amene akuthamangira msonkhano. Popita musadzere imeneyo. Dzerani ya M2, ya ku Thyolo, ndipo 6 koloko ikukwana mukhale mutatuluka mu Limbe, minibasi zisanayambe kutsekereza. Pa Bvumbwe imani mugule nthochi ndi zina zodyera m'njira. Mukapitirira pang'ono minda ya tiyi imayamba, ndipo Disembala ndiye nyengo yake: mvula ikagwa tiyi amaphuka, zitunda zonse zimangoti biriwiri, othyola ali m'mizere madengu kumsana. Ku Satemwa, esiteti imene inayamba mu 1923, amalandira alendo ofuna kulawa tiyi ndi kuyenda m'minda, koma muziyamba mwaimba foni, musangotulukira. Chonde powajambula othyola tiyiwo muzipempha kaye. Ali pantchito, si zoonetsa.

Mukadutsa pa boma la Thyolo msewu umatsika kulowera ku Luchenza, ndipo kuyambira pamenepo phiri la Mulanje lili kutsogolo kwanu, likungokula mukamayandikira. Anthu ambiri akafika pa Chitakale amakhotera kumanzere, ku Likhubula, nkuthera pomwepo. Ine ndimati yambani mwapitirira. Dutsani pa boma la Mulanje mulunjike ku Muloza, kuchipata cholowera ku Mozambique, makilomita pafupifupi 30. Kachigawo kameneko ndi kamene ndimakakonda kuposa kulikonse kummwera kuno. Kumanzere khoma la phiri, mitsinje ikutsetsereka pamatanthwe, pansi pake tiyi mpaka m'mphepete mwa tara. Simukuyenera kufika pachipata penipeni, mukakhuta tembenukani. Nanazi za m'mbali mwa msewu umenewo mugule zambiri, mudzandithokoza. Kenako bwererani pa Chitakale, mulowe ku Likhubula, makilomita ngati 10, mukaone Dziwe la Nkhalamba. Pobwerera ku Blantyre ndiye dzerani Midima, koma dzuwa lisanalowe. Kukada njinga zopanda nyali zimachuluka, ndipo oyenda pansi suwaona mpaka utawafika.

Tsiku lina tsikirani ku Chikwawa pa M1. Apa ndiyankhule motsindika chifukwa msewu umenewu sufuna masewera. Blantyre ili pamtunda wa mamita opitirira 1,000 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, pomwe chigwa cha Shire chili cha m'ma 100. Kusiyana konseko mumakutsika m'makhota a pakati pa Madziabango ndi Thabwa. Sienta yanu ndi ya otomatiki, ndiye musatsike ndi D phazi lili pabuleki njira yonse. Mabuleki amatentha, amayamba kununkha, kenako mumaponda koma galimoto osamva. Ikani giya yotsika ija, injini izigwira yokha, buleki muzingoigusa nkuisiya. Mukaona lole yodzaza kumbuyo kwanu ipatseni mpata idutse, musalimbane nayo. Malo oimapo alipo pamene m'mbali mwatambalala, ndipo mukaima mudzaona Shire akukhotakhota pansipo, kutali uko minda ya nzimbe ya ku Nchalo. Osaima pakhota ngakhale pakongole bwanji.

Mukafika pa Thabwa mukawoloka mlatho wa Kamuzu, nkukhotera ku boma la Chikwawa, kenako ku Majete. Kuchokera mu Blantyre ndi makilomita pafupifupi 70. Buku lanulo silinaname, linangokalamba. Nyama zinathadi, koma a African Parks, bungwe losamalira malo osungira nyama, atatenga malowo mu 2003 anayamba kubwezeretsa: zipembere chaka chomwecho, njovu kuyambira 2006, mikango mu 2012, kenako akadyamsonga ndi zina. Mathithi a Kapichira ali komweko. Langizo langa ndi lakuti Sienta muisiye pageti, mulipire galimoto yawo yoonetsera nyama. Misewu ya m'katimo ndi yafumbi, mvula ikagwa ka galimoto kotsika mimba kamakhala pamatope, ndipo kumene kuli mikango simungatsike kuti mukankhe. Madzi akumwa nyamulani ochuluka. Kutentha kwa kuchigwa, ngakhale ana ozolowera Johannesburg adzadabwa.

Zomba ndi wosavuta, makilomita osapitirira 70 pa M3. Zoti wokwerera wina wotsikira wina nzakale, masiku ano pali msewu umodzi wa tara umene anthu amakwerera ndi kutsikira. Mpaka pa Ku Chawe ndi pa damu la Mulunguzi galimoto iliyonse imafika. Kuchoka pamenepo kupita ku Emperor's View ndi Queen's View ndi msewu wa dothi ndi miyala, ndiye ngati kwagwa mvula usiku, musayese. Ku Chingwe's Hole ndiye iwalani. Yendani pansi mukaone mathithi a Williams, anawo akatope bwino.

Mphunzitsi_Soche

Achemwali, zonse anena a Dalaivalazi nzoona, koma bukulo musalitaye. Buku lakale la maulendo lili ngati kalendala ya chaka chatha: masiku ake sangakuthandizeni, koma zithunzi zikadali zoona. Mitengo, manambala a foni, maloji, zimenezo zinafa. Koma phiri silisuntha, ndipo mbiri ya malo siyitha ntchito.

Mwa mabuku amene alipo, lonena za Malawi yense mwatsatanetsatane ndi la kampani ya Bradt, lolembedwa ndi Philip Briggs. Lasindikizidwa kangapo, ndiye mukalipeza yang'anani tsamba lachiwiri muone chaka, mutenge latsopano. Achimwene anu akhoza kuligula ku Johannesburg mosavuta kusiyana ndi kuno, auzeni abwere nalo. Nalonso analembera mlendo, koma mapu ake a matauni ndi mbiri zake nzothandiza. La phiri la Mulanje lokha ndi la Frank Eastwood, lakale ndithu koma okwera phiri amalilemekezabe chifukwa linafotokoza njira ndi tinyumba togona pamwamba paja, monga Chambe, Lichenya ndi Thuchila. Inu simukukwera, ndiye kungoliona kukukwanirani.

Kumene ndingakutumizeni ndi ku Mandala House, mtauni momwemo. Nyumbayo inamangidwa mu 1882, ndipo pamwamba pake pali laibulale ya Society of Malawi, yodzaza mabuku, magazini, mapu ndi zithunzi zakale. Pitaniko masana amodzi ndi kope ndi cholembera. Msewu uliwonse umene a Dalaivala atchula, lembani tsamba limodzi la zinthu zoti mukawauze anawo. Pamapeto pake buku loyenera inu mukhala mwalemba nokha, m'Chichewa, ndipo a Sienta anzanu adzakubwerekani.

Ndikupatseni chitsanzo cha zimene dalaivala amangodutsa koma buku limakuimitsa. Msewu wa ku Zomba, anthu amauona ngati wongothamangamo. Koma kumanja kwanu, m'boma la Chiradzulu, kuli Mbombwe, kumene John Chilembwe anakhazikitsa Providence Industrial Mission mu 1900. Chakutsogolo, cha ku Namadzi, kuli njira yolowera ku Magomero, kumene Bishopu Mackenzie ndi anzake a UMCA, bungwe la amishonale a Anglican, anamanga mishoni mu 1861, ndipo nkomwekonso kunali esiteti ya A. L. Bruce imene anthu a Chilembwe anaithira nkhondo mu Januwale 1915, nkupha kapitawo wamkulu William Jervis Livingstone. Tulutsani K2,000 m'chikwama, muwaonetse anawo nkhope ili pamenepo, muwauze kuti bamboyu ankayenda m'zitunda zomwe akuzionazo. Mwana wa zaka 12 zoterezi amazigwira kuposa kumuuza kuti taona kukongola.

Mu Zomba namonso musangokwera phiri. Linali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo nyumba zakale za boma zikadalipo m'munsi mwa phirimo, kuphatikizapo yomwe inali ya malamulo. Emperor's View anaitcha choncho chifukwa Haile Selassie wa ku Ethiopia anaimapo atadzacheza m'zaka za m'ma 1960, ndipo ma Rasta amapalemekeza mpaka lero. Kukakhala kopanda mitambo, kuchokera pamenepo mumaona nyanja ya Chilwa ndi Mulanje yemwe.

Ngati tsiku lachinayi mwatopa ndi galimoto, Blantyre yemweyu akwanira. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku HHI chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, motsogozedwa ndi David Clement Scott amene sanaphunzirepo zomangamanga, ndi amisiri akuno, njerwa zoumba pomwepo. Ambirife timadutsapo tsiku ndi tsiku osalowamo.

Mlomwe_Migowi

Ine kwathu ndi kuseri kwa phiriko, ndiye pa Dziwe la Nkhalamba ndisiyane nawo pang'ono a Dalaivala. Mu Disembala musalitenge mwachibwana. Kuchoka pa Likhubula ndi ulendo wa pansi wa ola limodzi kapena kuposerapo, wokwera, ndipo miyala ikanyowa imaterera. Choopsa chenicheni nchakuti mvula imatha kugwa pamwamba paphiri inu pansi muli padzuwa, madzi nkungofika mwadzidzidzi. Anthu amira pamenepo, ena odziwa kusambira. Madzi ake ndi ozizira koopsa ndipo dziwelo ndi lakuya. Ngati mupite, pitani m'mawa, mutenge wokuperekezani pa ofesi ya zankhalango pa Likhubula, ndipo akati lero osalowa m'madzi, mverani. Zikatero ndiye kuti ku Muloza kukhale kwa masana, osati kuyamba nako.

Palibe buku limene linalembedwa Marichi 2023 asanafike limene lingakuuzeni zoona za milatho ya kwathu. Namondwe wa Freddy anagumula misewu ndi milatho ku Mulanje ndi ku Phalombe, midzi ina inakwiririka ndi matope ndi miyala yochokera m'phiri. Mukamadutsa mudzaona zipsera zoyera m'mbali mwa phirimo, ndi mmene munadutsa napolo. Akuluakulu amakumbukanso wa mu 1991 ku Phalombe. Ndiye mukafika malo otero nkuona anthu, perekani moni kaye, kamera ibwere pambuyo. Ena anataya abale pamenepo.

Msewu wa Chitakale, Phalombe, Jali mpaka Zomba ndi wokongola, phiri umaliona mbali imene a mu Blantyre saidziwa, ndi Michesi pambali pake. Koma musanaulowe funsani oyendetsa minibasi pa Chitakale tsiku lomwelo, osati dzulo lake. Mapu a pafoni nawonso musawakhulupirire kwambiri, amakonda kukulowetsa njira zachidule za m'minda zimene nyengo ya mvula ngakhale njinga yamoto imakana.

Anawo muwauze kuti nsonga ya Sapitwa ndi mamita 3,002, ndipo mu 2025 phirili linalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse, makamaka chifukwa cha chikhalidwe ndi zikhulupiriro za anthu ozungulira. Ndipo pa Likhubula akakutsatsani timabokosi tonunkhira ta mkungudza, ganizani kawiri. Mtengo umenewo kwawo ndi phiri lokhali, ndipo watsala pang'ono kutheratu chifukwa chodula.

NaBanda_Chilomoni

Zikomo kwambiri nonse, ndakopera zonse m'kope. A Mphunzitsi, ku Mandala House ndipitako Lachisanu ndikaweruka msanga, ndipo achimwene ndawatumizira kale dzina la bukulo. A ku Migowi, mwandiopsa koma mwachita bwino. Wamng'onoyo ali ndi zaka 8 ndipo samva kuitana akaona madzi. Ndaganiza kuti Likhubula tiyambe m'mawa, tikangoona, osasambira.

Pali ziwiri zotsala. Ku Majete ndamva kuti mtengo wa Amalawi ndi wina, wa akunja ndi wina. Achimwene ali ndi chiphaso cha unzika, koma alamu ndi anawo ali ndi mapasipoti a ku South Africa. Zimatha bwanji pageti? Chachiwiri, achimwene aona zithunzi za msewu wa Khwekhwelere pa Facebook ndipo akuumirira. Nzotheka kupita nkubwera tsiku limodzi?

Dalaivala_Wopuma

Pageti amaona munthu aliyense payekha, mayi. Wa chiphaso cha unzika amalipira wa Amalawi, wa pasipoti yakunja amalipira wake, ndipo ana amakhala ndi mtengo wawo wotsikirapo. Nyamulani ziphaso zenizeni, osati zithunzi za pafoni, ndipo imbani kusanathe sabata kuti akuuzeni mitengo ya panopa ndi kukusungirani malo m'galimoto yoonetsera nyama, chifukwa nyengo ya Khirisimasi imadzaza. Kuona nyama kwabwino ndi m'mamawa, ndiye tsiku limenelo mudzuke ndi nkhuku.

Za Khwekhwelere, achimwene anu ali ndi diso, koma tsiku limodzi ayi. Muyenera kudzera Lunzu, Zalewa, kulipira pa geti ya Chingeni, kudutsa Ntcheu ndi Lizulu, kenako nkukhotera kumanja kutsikira ku Golomoti. Makhota ake ndi othina kuposa a Chikwawa, nyanja ikuonekera patali. Pansi pake pali Mua, mishoni ya Akatolika ya mu 1902, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa KuNgoni, malo a chikhalidwe ndi zaluso, mu 1976, ndipo nyumba yosungira zakale ya Chamare ili ndi zigoba za gule wamkulu mazanamazana. Kumeneko kumafuna maola, si kongosuzumira. Kupita nkubwera tsiku lomwelo ndiye kuti mubwerera usiku pa M1, pakati pa malole, woyendetsa atatopa. Ngati achimwene akuumirira, awonjezere ndalama ya usiku umodzi, mukagone ku Mua kapena ku Dedza, pobwerera mugule mbatatesi ndi kabichi pa Lizulu. Akakana, Chikwawa ikwanira.

Mafuta mudzaze dzulo lake mu Blantyre momuno, thanki yonse, musadalire kuti mukapeza kutsogolo. Onani kuti COF (chiphaso choti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi sizikutha mkati mwa Disembala, ndipo matrayango awiri ndi chozimira moto zikhale pofikirika chifukwa marodibuloko nyengo imeneyo amachuluka. Sipeya muipope. Jeke muiyesere pakhomo Loweruka lino, chifukwa magalimoto ambiri obwera kuchokera ku Japan amafika jeke ilipo koma chopukusira chake palibe.